Mutu 8: Makatuni a ku Japan, Mlendo Ayambire Pati?

Madzulo pa Golomoti, amayi a tomato akayamba kulongedza malichero ndipo minibasi za ku Salima zikachepa pamsewu, phokoso lalikulu limene limatsala ndi la m'vidiyo sho. Chimkuzamawu chapakhomo chimalavula zibakera ndi mfuti, mawu a mnyamata womasulira filimu m'Chichewa akuthamanga pamwamba pa zonsezo. Ana opanda ndalama yolowera amasuzumira m'mipata ya mpanda wa bango. Chapafupi pomwepo, pa benchi ya wometa tsitsi, anyamata anayi aunjikana pa foni imodzi. Pagalasi la foniyo pakudumpha kamnyamata kojambula pamanja, ka tsitsi lachikasu losongoka ngati minga, kovala malaya a mtundu wa lalanje. Dzina lake ndi Naruto.

Munthu wamkulu akaponya diso amangopukusa mutu: "Inu, ndevu zonsezi mukuonerabe tizidole?" Funsolo n'lomveka, chifukwa makatuni amene ambiri anakula nawo ndi a Tom and Jerry, mphaka ndi khoswe ongothamangitsana tsiku lonse. A ku Japan anatenga njira ina. M'menemo muli nkhani za ana amasiye, za njala, za ulimi wa mpunga, za mpira, za chikondi, za nkhondo ndi za mizimu ya m'nkhalango. Ena ndi a ana a ku mkaka, ena ndi oti mwana asayandikire n'komwe. Vuto la munthu woyamba kumene ndi kuchuluka kwawo: chaka chilichonse kumatuluka atsopano mazanamazana. Mutu uno ukusankhako ochepa oyenera kuyambira, ndi kufotokoza chifukwa chake munthu wa kwa Kachindamoto ali kale ndi makiyi ambiri owamvetsera.

Anime ndi manga n'chiyani?

Makatuni a ku Japan amatchedwa anime. Ajapani anatenga mawu a Chingelezi otanthauza zithunzi zoyenda n'kuwadula pakati, monga momwe Amalawi amadulira mawu obwereka kuti akwane pakamwa. Kwawoko mawuwa amatanthauza katuni ya dziko lililonse, koma kunja kuno munthu akati anime ndiye kuti akunena za ku Japan.

Mnzake wa anime ndi manga. Awa ndi mabuku a nkhani za zithunzi, ofanana ndi timabokosi toseketsa ta m'nyuzipepala, kungoti nkhani imodzi imatha kudzaza mabuku makumi asanu kapena kuposa. Amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndiye tsamba limene Mmalawi angaliyese lomaliza ndilo loyamba. Anime ambiri otchuka anayamba ngati manga, otuluka pang'onopang'ono m'magazini ya mlungu ndi mlungu. Nkhani ikakondedwa, kampani yojambula imaitenga n'kuipatsa mitundu, mawu ndi nyimbo.

Nanga chithunzi chimayenda bwanji? Mwana wa sukulu amene anajambulapo kamunthu pakona ya tsamba lililonse la kope, n'kumatembenuza masambawo mofulumira ndi chala chachikulu, amadziwa kale chinsinsi chake. Diso likaona zithunzi zosiyana pang'ono zikusinthana msangamsanga, limakhulupirira kuti chinthucho chikuyenda. Filimu wamba imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Ojambula anime a pa wailesi yakanema nthawi zambiri amajambula 8 kapena 12 zokha, chilichonse n'kuchionetsa kawiri kapena katatu. Ngakhale zili choncho, gawo limodzi la katuni limadya zithunzi masauzande angapo.

Anime alipo a mitundu iwiri. Pali mafilimu otha tsiku lomwelo, a ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Palinso nkhani zotsatizana, zogawidwa m'magawo a mphindi pafupifupi 24, ndipo magawo 12 kapena 13 amapanga chigawo chachikulu chimodzi cha miyezi itatu.

Kuchokera pa njinga kufika pa wailesi yakanema

Makatuni oyambirira a ku Japan anatuluka mu 1917. Anali aafupi, a mphindi zowerengeka ndiponso opanda mawu. Koma chizolowezi chomvera nkhani ya zithunzi chinakulira mumsewu. M'zaka za m'ma 1930, amuna osowa ntchito ankayenda pa njinga atamangirira kabokosi ka matabwa kumbuyo. Akafika pamene pali ana ankawomba timitengo tiwiri, n'kuyamba kugulitsa maswiti. Wogula ankakhala kutsogolo. Kenaka bamboyo ankasolola zithunzi chimodzichimodzi m'kabokosimo uku akusimba nthano ndi mawu osinthasintha, n'kuidula pamene yafika pokoma kuti mawa anawo abwerenso. Luso limeneli limatchedwa kamishibai, kutanthauza sewero la pepala. Amene anakhalapo m'vidiyo sho, kapena pamoto gogo akuimitsa nthano chifukwa tulo tavuta, akulizindikira.

Munthu amene anasintha zinthu ndi Osamu Tezuka, amene anaphunzira udokotala koma n'kusankha kujambula. Pa 1 January 1963 katuni yake ya Astro Boy, yonena za loboti yooneka ngati kamnyamata, inayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema mlungu uliwonse, ndipo inafika magawo 193. Ndalama zinali zochepa, nthawi inalinso yochepa. Tezuka anachepetsa zithunzi: nkhope imaima, pakamwa pokha n'kumayenda, chithunzi chimodzi chinkagwiritsidwa ntchito kambirimbiri. Mphamvu yonse anaiika pa nkhani ndi pa maso a anthu ake, akuluakulu ndi owala, amene anatengera ku makatuni a ku America. Maso aakulu aja anakhala chizindikiro cha anime mpaka lero, chifukwa m'maso ndi mmene wojambula amaonetsera mantha, manyazi ndi chisoni popanda kusuntha thupi lonse.

Mu 1965 Tezuka yemweyo anatulutsa Kimba the White Lion, nkhani ya mwana wa mkango woyera yochitikira mu Africa. Ndipo mu 1969 kunayamba Sazae-san, katuni ya moyo wa tsiku ndi tsiku wa banja lina, imene ikuonetsedwabe mpaka pano ndipo ili m'buku la Guinness monga katuni yokhalitsa kuposa zonse pa wailesi yakanema.

Iliyonse ili ndi eni ake

Ajapani amagawa manga ndi anime potengera anthu amene awakonzera, ndipo kholo likadziwa mawu asanu okha lapulumuka zambiri. Kodomo ndi za ana aang'ono, monga Doraemon, mphaka wa loboti wochokera m'tsogolo amene amathandiza mnyamata waulesi wotchedwa Nobita, kapena Pokémon, imene inayamba mu 1997. Shonen ndi za anyamata a msinkhu wa sitandade 6 mpaka ku sekondale, zodzaza ndi mipikisano, ubwenzi ndi khama. Shojo ndi za atsikana a msinkhu womwewo, monga Sailor Moon ya mu 1992. Seinen ndi za amuna akuluakulu, josei za amayi.

Malire amenewa sali ngati mpanda wa njerwa. Atsikana ambiri amakonda shonen, ndipo abambo ena amalira ndi nkhani za shojo. Chofunika kukumbukira n'chakuti kujambulidwa pamanja sikutanthauza kuti chinthucho n'cha ana. Pali anime okhetsa magazi kuposa filimu ya nkhondo, ndipo pali ena olaula. Amene amakopera mafilimu m'memori khadi pa msika nthawi zina amangosakaniza zonse m'foda imodzi yolembedwa kuti makatuni.

Khomo loyamba: mafilimu a Studio Ghibli

Woyamba kumene sayenera kudzimangirira pa nkhani ya magawo mazana. Ayambe ndi filimu imodzi, ndipo malo abwino oyambira ndi Studio Ghibli, kampani imene Hayao Miyazaki, Isao Takahata ndi Toshio Suzuki anaikhazikitsa mu 1985.

My Neighbor Totoro, ya mu 1988, ndiyo yofewa kuposa zonse. Atsikana awiri apachibale, Satsuki ndi Mei, asamukira kumudzi ndi bambo awo kuti akhale pafupi ndi chipatala chimene mayi awo agonekedwa. Nyumba yake ndi yakale, madzi ndi a pa mjigo, ndipo mozungulira monse muli minda ya mpunga. Mumtengo waukulu wa kuseri kwa nyumba mumakhala Totoro, chilombo chaubweya, chofatsa, chimene ana okha ndiwo amachiona. M'filimu yonseyi mulibe mdani kapena ndewu. Mtima umagunda pamene uthenga wafika woti mayi sabwera kunyumba, Mei n'kunyamula chisononkho cha chimanga chachiwisi kuthamangira kuchipatala yekha, n'kusochera. Mudzi wonse umasiya ntchito kukamufuna, ena akufufuza m'dziwe ndi nsungwi zazitali. Aliyense amene anadikirirapo wodwala ku chipatala cha Mua safunika womasulira pamenepa.

Yachiwiri ikhale Spirited Away, ya mu 2001, imene inapata mphotho ya Oscar mu 2003. Chihiro, mtsikana wa zaka 10, alowa ndi makolo ake m'tauni yopanda anthu. Makolowo apeza chakudya chitayalidwa, adya osapempha, n'kusanduka nkhumba. Kuti awapulumutse, Chihiro apempha ntchito m'nyumba yosambiramo mizimu, ndipo mwini wake, nkhalamba yamatsenga Yubaba, amulanda dzina n'kumupatsa lina. Akaiwala dzina lake lenileni sadzabwereranso kwawo. Mwambo woletsa kudya za eni osapatsidwa, kulemera kwa dzina, malo amene munthu salowa mwachisawawa, zonsezi ndi nkhani za m'nthano za kuno. Mlendo wina wa m'nyumbamo ndi chinthu chakuda, chachitali, cha nkhope yoyera yosasintha. Amene anayendapo m'nyumba ya Chamare ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa pa Mua mu 1976, ndipo anaona nkhope mazanamazana za Gule Wamkulu, amadziwa kuti nkhope yosagwedezeka imatha kulangiza, kuopseza ndi kuseketsa.

Princess Mononoke ya Miyazaki, ya mu 1997, ndi ya achinyamata ndi akulu chifukwa muli magazi. Mayi wina wamphamvu, Eboshi, akugwetsa nkhalango kuti asungunule chitsulo, ndipo mizimu ya nyama yamuukira. Komatu mayi yemweyo ndi amene wapatsa ntchito ndi ulemu akhate ndi akazi amene dziko linawataya. Miyazaki sanamupange kukhala mfiti yoti aliyense aide. Funso la filimuyi ndi lomwe limazunguza anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Mua-Livulezi: mtengo ukufunika uli chiimire, koma thumba la makala ndilo lilipire fizi.

Yolemera kuposa zonse ndi Grave of the Fireflies ya Takahata, ya mu 1988, dzina lake likunena za manda a ziphaniphani. Ndi chaka cha 1945, mzinda wa Kobe wapserera ndi mabomba. Seita wa zaka 14 ndi mlongo wake Setsuko wa zaka 4 atsala okha, ndipo azakhali amene anawalandira ayamba kuwawerengera chakudya. Anawo achoka kukakhala m'phanga. Akulu amene anaona njala ya 1949 kapena ya 2002 aizindikira nkhope ya Setsuko ikamafota. Filimuyi si yoonera ndi ana aang'ono.

Mpunga, nkhumba ndi chinenero cha manja

Japan si dziko lachilendo kwenikweni kwa Kachindamoto. Sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala pafupifupi 800, yotenga madzi mumtsinje wa Namikokwe, inamangidwa ndi thandizo la boma la Japan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndipo kuyambira mu 1971 achinyamata odzipereka a ku Japan akhala akubwera m'Malawi kudzagwira ntchito m'masukulu, m'zipatala ndi m'minda. Kwa Mjapani, mpunga uli ngati nsima kwa Mmalawi, moti mawu akuti gohan amatanthauza mpunga wophika komanso chakudya chonse.

Mlimi wa ku Bwanje angasangalale ndi Sakuna: Of Rice and Ruin, ya mu 2024, ya magawo 13. Sakuna ndi mwana wa milungu amene anakula akungodya za m'nkhokwe ya makolo ake. Atathamangitsidwira pachilumba, aphunzira kufesa nazale, kuwokera, kusunga madzi m'munda, kupalira ndi kupuntha, ndipo zokolola zake zoyamba zikhala zomvetsa chisoni.

Silver Spoon, ya mu 2013, ikunena za Hachiken, mnyamata wa m'tauni amene athawira ku sekondale ya zaulimi poganiza kuti kumeneko maphunziro ndi ofewa. Apeza kuti kumadzukidwa kusanache kukatola mazira ndi kupala ndowe. Akonda kamwana ka nkhumba, n'kukapatsa dzina, chonsecho akudziwa kuti pakatha miyezi ingapo kadzaphedwa. Wolemba wake, mayi Hiromu Arakawa, anakulira pa famu ya ng'ombe za mkaka ku Hokkaido, n'chifukwa chake nkhani ya ngongole imene imagwetsa famu ya banja lina imamveka yoona.

Wolf Children, filimu ya Mamoru Hosoda ya mu 2012, ndi ya amayi olera okha ana. Mwamuna wa Hana, amene anali munthu komanso mmbulu, wamwalira n'kumusiyira ana awiri osandulika. Hana asamukira m'nyumba yothonya kumudzi, mbewu zake zifota kangapo, mpaka nkhalamba ina yaukali imuphunzitsa kupanga mizere ndi kubzala mbatatesi.

Pa Mua pali sukulu ya ana osamva, choncho filimu ya A Silent Voice, ya mu 2016, yotsogoleredwa ndi mayi Naoko Yamada, ili ndi malo apadera pamndandandawu. Shoko ndi mtsikana wosamva amene wabwera m'kalasi ya ana akumva, atanyamula kope lolemberamo zimene akufuna kunena. Mnyamata wina, Shoya, amuseka, amutayira kopelo m'madzi ndi kumuwonongera timakina tothandiza kumva, mpaka mtsikanayo asamuka. Kenaka kalasi yonse itembenukira Shoya. Patapita zaka, iye aphunzira chinenero cha manja n'kupita kukapepesa. Filimuyi imakhudza maganizo ofuna kudzipha, motero ndi bwino achinyamata aionere pamodzi ndi mphunzitsi kapena kholo, n'kukambirana ikatha.

Okonda sayansi ali ndi ziwiri. Mu Dr. Stone, ya mu 2019, anthu onse asanduka miyala kwa zaka zoposa 3,700, ndipo mnyamata Senku akadzuka ayamba kupanga zinthu kuchokera pa dothi ndi mitengo: sopo, galasi, mankhwala opha tizilombo, magetsi. Mzimu wake ndi wa William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola. Cells at Work!, ya mu 2018, imasandutsa thupi la munthu kukhala mzinda, maselo ofiira a magazi ali onyamula katundu, oyera ali asilikali. Wophunzira bayoloje wa fomu 2 apindula nayo.

Nkhani zazitali za khama ndi ubwenzi

Anime amene amadzaza mafoni a anyamata ndi a shonen, ndipo ambiri anachokera m'magazini imodzi, Weekly Shonen Jump, imene inayamba mu 1968. Gogo wa onsewa ndi Dragon Ball ya Akira Toriyama, amene anamwalira mu 2024. Inayamba ngati manga mu 1984, ndipo Dragon Ball Z inatsatira pa wailesi yakanema mu 1989. Goku, mnyamata wa mchira wa nyani, amagonja, amakaphunzira, amabwerera ali wamphamvu, ndipo adani ake ambiri amadzakhala anzake. Ndondomeko imeneyi ndi imene ena ambiri anatengera.

Naruto, ya Masashi Kishimoto, inayamba kuonetsedwa mu 2002. Naruto ndi mwana wamasiye amene mudzi wonse umamusala chifukwa chilombo cha nkhandwe ya michira isanu ndi inayi chinatsekeredwa m'thupi mwake ali khanda. Amachita zopulupudza kuti anthu amuone, ndipo amalumbira kuti adzakhala mfumu ya mudziwo. Munthu woyamba kumuona ngati mwana ndi mphunzitsi wake Iruka, amene amamugulira chakudya. M'midzi mmene mwana amatha kunenedwa ufiti n'kusalidwa, nkhani imeneyi imaluma. Koma ndi yaitali: magawo 220, kuwonjezapo 500 a Naruto Shippuden. Woonera gawo limodzi patsiku adzatha zaka pafupifupi ziwiri. One Piece ya Eiichiro Oda, yonena za Luffy wa thupi lotanuka ngati mphira ndi anzake a m'ngalawa, inayamba mu 1999 ndipo inadutsa kale magawo 1,100.

Wofuna nkhani yokhala ndi mathero ofikirika asankhe Fullmetal Alchemist: Brotherhood, ya mu 2009, ya magawo 64, yolembedwanso ndi Arakawa. Anyamata awiri apachibale, Edward ndi Alphonse, ayesa kuukitsa mayi awo ndi luso loletsedwa. Wamkulu ataya mwendo ndi mkono, wamng'ono ataya thupi lonse, mzimu wake n'kutsalira m'chovala cha chitsulo. Lamulo la dziko lawo n'lakuti chilichonse chimene munthu walandira alipire china cholingana nacho.

Demon Slayer, ya mu 2019, imayamba ndi chithunzi chodziwika bwino m'misewu yotsika phiri kupita ku Golomoti: mnyamata wosenza makala kupita nawo kumsika. Tanjiro pobwerera apeza abale ake onse ataphedwa, kupatula mlongo wake Nezuko amene wasanduka chiwanda. Amubereka m'bokosi kumsana n'kuyamba kufunafuna mankhwala. Zithunzi zake n'zokongola kwambiri, ndipo filimu yake ya Mugen Train inapeza ndalama zambiri kuposa filimu ina iliyonse padziko lonse mu 2020. Muli kudulana mitu, choncho ana a pulayimale adikire.

Okonda mpira ali ndi Captain Tsubasa, imene inayamba mu 1981 ngati manga, nthawi imene mpira wa miyendo unalibe ligi ya akatswiri ku Japan. Ana ambiri anayamba kusewera chifukwa cha nkhaniyi. Ligi inayamba mu 1993, ndipo Japan inafika ku World Cup koyamba mu 1998. Fernando Torres wa ku Spain ananenapo kuti katuniyi ndi imene inamukopa kuyamba mpira.

Za akuluakulu okha

Death Note, ya mu 2006, ya magawo 37, ndi mpikisano wa nzeru. Light, wophunzira wanzeru kwambiri, atola kope limene aliyense wolembedwamo dzina amafa. Ayamba ndi zigawenga, koma posakhalitsa akupha aliyense womutsekereza njira, uku wapolisi wofufuza wotchedwa L akumusaka. Attack on Titan, imene inayenda kuyambira 2013 mpaka 2023, imayamba ndi anthu obisala m'malinga kuopa zimphona zodya anthu, n'kuthera pa funso la mmene chidani cha mitundu chimapatsiridwira kwa ana.

Pali imodzi yokhudza dera lino la Africa. Mu 1579 munthu wina wakuda anafika ku Japan pamodzi ndi wansembe wa Chijezwiti Alessandro Valignano, ndipo mu 1581 analowa m'gulu la otumikira mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga, amene anamutcha Yasuke. Buku lina la wansembe la mu 1627 limati iye ankachokera ku Mozambique. Katuni ya Yasuke ya mu 2021, ya magawo 6, inatenga dzina lake n'kuwonjezapo matsenga ndi maloboti, choncho si mbiri yeniyeni, koma munthuyo analikodi.

Makolo ena opemphera amadabwa ndi kuchuluka kwa mizimu ndi ziwanda m'makatuniwa. Gwero lake ndi chipembedzo cha makolo a Ajapani, Shinto, chimene chimati m'mitengo ikuluikulu, m'mitsinje ndi m'mapiri muli mizimu yoyenera ulemu, pamodzi ndi nthano zawo zakale. Kholo lili ndi ufulu wokana zimene sizikugwirizana ndi pakhomo pake, ndipo njira yabwino yodziwira ndi kuonera lokha gawo loyamba mwana asanapatsidwe foni.

Chijapani m'khutu la Mmalawi

Anime amapezeka m'njira ziwiri: a mawu a Chijapani okhala ndi mawu a Chingelezi olembedwa m'munsi, kapena olowetsedwa mawu a Chingelezi m'malo mwa Chijapani. Ana ndi amene amawerenga pang'onopang'ono ayambe ndi achiwiriwa. Wophunzira wa sekondale asankhe oyambawo, chifukwa kuthamangitsa mawu olembedwa kumanola kuwerenga.

Chijapani sichivuta m'kamwa mwa wolankhula Chichewa. Chili ndi malembo a liwu asanu omwewo, a, e, i, o, u, ndipo maphatikizo ake ambiri amathera pa lembo la liwu. Mayina ngati Totoro, Nezuko ndi Sakuna amatchulidwa monga momwe alembedwera. Ajapani nawonso sasiyanitsa kwenikweni l ndi r.

Ulemu ndi wofanananso. Pamene Mmalawi amaika a kutsogolo kwa dzina n'kunena kuti a Phiri, Mjapani amaika san kumapeto n'kunena kuti Tanaka-san. Chan ndi ya mwana kapena wokondedwa, kun ya mnyamata, sensei ndi aphunzitsi kapena adokotala. Mwana satchula mkulu wake dzina, amati oniisan kapena oneesan, monga achimwene ndi achemwali. Asanadye amagwirizanitsa manja n'kunena kuti itadakimasu, kuthokoza chakudya ndi amene anachikonza, ndipo polowa m'nyumba nsapato zimatsala pakhomo.

Kowapeza ndi dongosolo loyambira

Njira zovomerezeka ndi za pa intaneti. Netflix inaika mafilimu 21 a Studio Ghibli mu 2020 m'mayiko ambiri kuphatikizapo a mu Africa, ndipo Crunchyroll ndi kampani yoonetsa anime makamaka. Zonsezi zimafuna ndalama ya pamwezi ndi bandulo, zimene kwa mabanja ambiri a ku Mtakataka ndi Golomoti n'zolemera. Amene ali nazo angachepetse mtengo pokopera filimu m'foni pamene pali intaneti yotsika mtengo, n'kudzaonera kunyumba ndi abale onse. Makope a pamsika ndi otchipa, koma ojambula, amene ambiri mwa iwo amalandira malipiro ochepa pa ntchito ya maola ataliatali, sapezapo kanthu.

Pali chenjezo limodzi la zaumoyo. Mu December 1997 gawo lina la Pokémon linali ndi kuwala kofiira ndi kwa buluu kophethira mofulumira, ndipo ana oposa 600 ku Japan anatengeredwa kuchipatala, ena atakomoka. Kuchokera pamenepo makampani anakhwimitsa malamulo a kuwala. Komabe mwana wodwala khunyu asaonere mumdima foni ili pamphuno, ndipo aliyense azipumitsa maso.

Banja lofuna kuyesa lingayende motere. Mlungu woyamba My Neighbor Totoro, onse pamodzi. Wachiwiri Spirited Away. Wachitatu achinyamata ndi makolo aonere A Silent Voice kapena Wolf Children, ana aang'ono atapatsidwa Doraemon. Zikakoma, ndiye nthawi yosankha nkhani yotsatizana yakwana: Silver Spoon kwa wokonda ziweto, Dr. Stone kwa wokonda kumasula mawailesi, Fullmetal Alchemist: Brotherhood kwa wofuna nkhani yolimba. Naruto ndi One Piece zidikire mpaka mayeso atatha.

Mwa onse amene atchulidwa m'mutu uno, woyenera kuyambira ndi Totoro. Ndi wa mphindi 86, mawu ake ndi ochepa moti wosadziwa Chingelezi amatsatira bwinobwino, ndipo gogo ndi mdzukulu wa zaka zinayi angaonere atakhala pa mphasa imodzi.